Alamu Anga a Musagwedere Atapita ku Mathithi

Alamu anga ajambula anthu zaka makumi atatu ndi zinayi, koma kufikira chaka chatha anali asanajambulepo munthu ali panja. Ndikanena zimenezi anthu amayesa ndikuwanyoza, pakuti pakamwa panga pamadziwika. Ayi ndithu, ndi zoona. Kachipinda kawo kali kuseri kwa sitolo ya mankhwala, moyang'anizana ndi khonde lomwe ine ndimasokerapo zovala, ndiye palibe chimene chimachitika mmenemo ine osachiona. Muli nsalu ziwiri zopachika kukhoma, yoyera ndi yabuluu, nyale ziwiri zokhala ndi maambulera, kampando kopanda chotsamira, ndi mapazi awiri ojambulidwa pansi ndi penti yofiira kuti munthu adziwe poponda. Ntchito yawo ndi zithunzi za pasipoti, za ziphaso, za ana a sukulu, za ofunsira ntchito. Munthu amalowa, amakhala, iwo amamukweza chibwano ndi chala chimodzi, amabwerera kuseri kwa kamera n'kunena mawu omwewo tsiku ndi tsiku: “Musagwedere.” Mawu amenewo ndiwo anasanduka dzina lawo. Ngakhale wokonza nsapato wa pakona, amene anakulira nawo limodzi, amachita kuganizira kaye akafunsidwa dzina lawo lenileni.

Kamera yawo ya mmenemo ili ndi tepi yakuda pa timagudumu tonse. Bwana amene anawaphunzitsa ntchito ali mnyamata anawaikira manambala, n'kuwauza kuti tsiku limene adzakhudze pamenepo adzalongedze katundu. Bwanayo anamwalira kalekale, za mafilimu zinatha, makamera anasintha, koma alamu akagula ina ankapempha wogulitsayo kuti awaikire manambala omwe aja, kenako n'kumata tepi. Nyale sizisuntha, mpando susuntha, munthu sasuntha, ndiye chithunzi chilichonse chimatuluka bwino. Anthu a ukwati ankabwera kudzawapempha kuti akawajambule pakapinga, iwo n'kumadandaula msana. Ine ndi achemwali anga, akazi awo, ndife tinkadziwa kuti msanawo ulibe vuto lililonse. Ankaopa dzuwa, chifukwa dzuwa sungalimate tepi.

Ali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Tinamutcha Kamaso adakali wamng'ono, chifukwa ukabisa kanthu pamwamba pa kabati iye amakhala wakuona kale. Anakulira pansi pa tebulo la m'kachipindamo, akutola tizidutswa ta mapepala, ndipo za makamera anazidziwa yekha, kuposa bambo ake, ngakhale sanawachititsepo manyazi. Nthawi imene ndikunenayi anali kutali, kutsidya kwa nyanja yamchere, akuphunzira unamwino chaka chachitatu. Mayeso omaliza anali atatsala miyezi iwiri. Sukulu imeneyo ukajomba mayeso umayambiranso chaka chonse, ndipo chilolezo chake chokhalira kumeneko chikanatha chakacho chisanathe. Tonse tinkadziwa zimenezi, ndipo tinkamudziwanso mwanayo. Akanangomva kuti mayi ake akudwala, mabuku akanawasiya otsegula patebulo.

Ndipo mayi ake ankadwaladi. Ntchito ya achemwali m'kachipindamo inali yodula zithunzi ndi sizasi, ndipo ankadula mowongoka ngati anayeza ndi lula. Tsiku lina bambo wina anabweza zithunzi zake za pasipoti kuti zapendekeka. Alamu anapepesa n'kusindikiza zina, zinapendekekanso. Kenako tinayamba kuona dzanja lamanja la achemwali likunjenjemera lokha atangoliika pamwendo, pambuyo pake chibwano nachonso. Dokotala anati ndi matenda a m'mitsempha, sachira koma amachepetsedwa, n'kuwapatsa mapiritsi. Akamwa, pankakhala maola awiri kapena atatu abwinoko, kenako dzanja n'kuyambiranso. Akakhala ndi nkhawa ndiye linkachita ngati likupeta.

Tikuchokera kuchipatala achemwali anatikhazika pansi ine ndi alamu, n'kutilumbiritsa kuti Kamaso asamve kufikira atalemba pepala lomaliza. Ine ndinakana, ndinalongolola, ndinawauza kuti mwana si mlendo, koma achemwali akanena anena. Kuyambira pamenepo Kamaso akaimba foni yoonana nkhope, iwo ankadula n'kumuimbira ya mawu okha, akumati kamera ya pafoni inafa. Tangoganizani, pakhomo pa wojambula, kamera kufa miyezi inayi.

Kenako panafika katoni. Munali kamera yogwiritsidwapo kale koma yabwino, choimikira chake cha miyendo itatu, kagalasi kakuda kozungulira m'kachikwama, ndi pepala lolembedwa pamanja mbali zonse ziwiri. Kamaso analemba kuti akufuna chinthu chimodzi chokha choti aike patebulo pamene akuwerenga. Ankafuna chithunzi cha amayi ake ataima kumathithi kumene tinapita naye kamodzi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo madziwo aoneke osalala ngati mkaka ukuthiridwa m'kapu, monga amaonekera pa makalendala.

Pepalalo analilemba ngati akulembera mwana, koma mwaulemu. Anati kamera ili ngati diso, ndipo zoti munthu asamale ndi zitatu. Choyamba ndi kuphethira kwake: ikaphethira msanga imagwira chinthu chili chiimire ngakhale chikuthamanga, ikachedwa kuphethira chilichonse choyenda chimapakika. Chachiwiri ndi bowo lolowera kuwala, ndipo apa anadula mzere kunsi kawiri: nambala ikakhala yaing'ono ngati f/4 bowo ndi lalikulu, ikakhala yaikulu ngati f/16 bowo ndi laling'ono. Chachitatu ndi chimene chalembedwa ISO, chomwe umakweza pakakhala mdima n'kutsitsa pakawala. Pojambula munthu panja anati amuike pamthunzi, asayang'anizane ndi dzuwa kuopa kutsinzina, atsegule bowo, ndipo aloze diso lomwe lili pafupi. Pojambula mathithi anati aimike kamera pa miyendo itatu, aveke kagalasi kakuda kaja kutsogolo kuti kachepetse kuwala, ISO ikhale 100, bowo f/16, ndipo kamera ikhale chiyang'anire theka la sekondi. Asaidine ndi chala, aitchere kuti ijambule yokha pakatha masekondi awiri.

Alamu anawerenga pepalalo kawiri, n'kulipinda, n'kunena kuti msana wawo sungathe masitepe a kumathithi. Achemwali anawayang'ana basi. Anati mwanayo wayamba kukayika, mawu ake pafoni asintha, ndipo akawaona ataima pamathithi atavala bwino, mtima wake ukhala pansi, alemba mayeso. Ine ndinati chimenecho ndi chikomekome cha mkuyu. Anandiyankha kuti ngati sindikufuna kuthandiza ndikhale pamakina anga, koma diresi lawo labuluu ndiwabwezere m'chiuno chifukwa latayirira. Ndinalibweza usanakwane mlungu, ndikung'ung'udza.

Milungu iwiri yotsatira alamu ankatseka kachipinda nthawi ya nkhomaliro n'kupita kuseri, kumene kuli mpopi wa anthu onse a pamalopo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, imvi mbuu, anali kuphunzira kamera ngati wangoiona kumene, akubisala kuti wokonza nsapato asawaone. Za nambala yaing'ono ndi bowo lalikulu zinawazunguza mutu masiku atatu. Ankabwera pakhonde panga thukuta lili kamukamu, akundifunsa ngati amene anapanga zimenezi anali bwinobwino. Ine ndinkawaseka kuti alamu, zaka zonsezi mwakhala mukuyendetsa galimoto pa giya imodzi. Sankakwiya. Ankangopukuta magalasi awo n'kubwerera kumpopi.

Tsiku lina anabwereka chidole changa choyesera madiresi. Anachiimika pambali pa mpopi, anatsegula madzi, anatsata pepala mzere ndi mzere, ndipo chithunzi chinatuluka. Madzi anali osalala ngati nsalu, chidole chili chooneka bwino mpaka ulusi wa m'khosi. Anasangalala ngati mwana wakhoza mayeso, nanenso ndinaomba m'manja. Anthu atatu akuluakulu tinachiyang'ana chithunzi chimenecho, ndipo palibe amene anaganiza zoti chidole chilibe mitsempha.

Tinasankha Lachiwiri kuti kukakhale kopanda anthu. Tinapangana kuti achemwali amwe mapiritsi tikukwera basi, kuti tikafike mphamvu yake ili pachimake. Koma basi inachedwa kudzaza, ndipo panjira inaima nthawi yaitali pamene ankakonza mlatho. Ine maso anali pawotchi, alamu atakumbatira chikwama cha kamera pachifuwa, achemwali ataphimba dzanja ndi mpango. Pofika pachipata cha kumathithi, maola awiri abwino aja anali atatsala pang'ono kutha, ndipo kumwanso ena nthawi isanakwane dokotala anali ataletsa.

Masitepe otsikira kumeneko ndi ambiri, onyowa, ena ali ndi ndere. Mlonda wa pachipata anatichenjeza kuti tigwire chitsulo cha m'mbali. Ndinatsogola chafutambuyo nditawagwira achemwali m'chigongono, alamu ali pambuyo ndi katundu, ndipo msana uja sanautchulenso. Tinkapuma pa masitepe khumi aliwonse. Mkokomo wa madzi unkakulirakulira mpaka tinayamba kulankhulana mokuwa. Titafika pansi, achemwali anakhala pamwala akupuma mwawefuwefu, nkhope itatuwa, ndipo ndinaona kuti chibwano chayamba.

Apa ndiyenera kuwayamikira alamu. Dzuwa amaliopa, koma nkhope ya munthu amaidziwa. Anazungulirazungulira, akuyang'ana kumene kuwala kukuchokera, n'kusankha malo pansi pa thanthwe lomwe linkapereka mthunzi, mathithi ali kumbuyo chakumanzere. Anatulutsa m'chikwama nsalu yoyera ya m'kachipinda ija, yomwe sindinkadziwa kuti atenga, n'kundiuza kuti ndiitambasule ndi manja awiri chapansi kuti ibweze kuwala kunkhope. Anawaimika akazi awo, anawakonza kolala, anawapukuta timadontho pamphumi. Ankachita zonsezi mofatsa ngati alibe changu.

Chithunzi choyamba chinatuluka choyera mbee, ngati pepala losalembapo. Munalibe mathithi, munalibe munthu. Alamu anayang'ana kumbuyo kwa kamera, anandiyang'ana ine. Anajambulanso, chimodzimodzi. Anati kamera yalowa madzi. Ndinaponya nsalu paphewa, ndinawalanda pepala, ndinawerenga mokuwa kuyambira pamwamba, ndipo titafika pa za mathithi tinapeza kuti kagalasi kakuda kanali kadakali m'thumba la malaya awo. Kumpopi kuja sankaiwala, koma kumpopi kunalibe amene ankawadikira ali chiimire pamwala woterera. Pokaveka kanatsala pang'ono kugwera m'madzi.

Atajambulanso, tinasunzumira tonse awiri. Madzi anali mkaka weniweni, kutsika mosalala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Miyala inali yooneka bwino, masamba, ngakhale maluwa a pa diresi chakumunsi. Koma pamene panayenera kukhala nkhope ya achemwali panali chinthu chopakika, maso anayi, pakamwa posadziwika, ndipo dzanja lamanja linali ngati utsi. Mtima wanga unangoti phaa. Theka la sekondi ndi kanthawi kochepa kwa munthu wabwinobwino, koma chibwano chawo chinali chitapita n'kubwera kangapo.

Achemwali anafunsa ali pomwepo ngati chatuluka. Alamu anati pang'ono, tiyesenso. Anayesa kachiwiri, kachitatu, kachisanu. Achemwali anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, anabisa onse awiri kumbuyo, analuma mano, koma akamalimbana nalo thupi ndi pamene linkakana. Kumtunda kunayamba kumveka phokoso la anthu ambiri akutsika, ndipo mlonda anali atatiuza kuti kubwera gulu la ophunzira. Nthunzi ya madzi inkanyowetsa kagalasi, alamu akupukuta ndi kansalu, diresi labuluu likuyamba kumata m'thupi. Manja anga anali atafa ndi kutambasula nsalu.

Ndiye pachithunzi chachisanu ndi chimodzi, alamu atawerama kuseri kwa kamera, chala chili pabatani, pakamwa pawo panachita zimene pachita zaka makumi atatu ndi zinayi.

“Musagwedere.”

Sanakuwe. Anangonena monga amanenera kwa aliyense, koma ngakhale panali mkokomo wonsewo, achemwali anamva. Anawayang'ana amuna awo kanthawi, kenako anatulutsa dzanja lija kumbuyo, analikweza patsogolo pawo likugwedezeka.

“Liuzeni ilo, abambo. Ine ndaliuza, silikundimvera.”

Anakhala pansi pamwala wonyowa, osasamala za diresi, n'kutembenukira kumadzi kuti tisaone nkhope yawo. Ine ndinapsa mtima. Zimene ndinawauza alamu sindingazibwereze zonse. Ndinawauza kuti moyo wawo wonse adziwa mawu amodzi okha ngati chinkhwe, kuti munthu ali ndi mkazi wodwala koma osadziwa poika lilime, kuti atenge zitsulo zawozo tizipita, ndipo ine ndikafika ndimuimbira Kamaso ndekha. Anali chiimire, manja ali lende, akuyang'ana msana wa akazi awo. Sindinawaonepo ali choncho, ngakhale pamaliro a mayi awo. Ndinachita chisoni ndili pakati pa kulalata, koma pakamwa panga pakayamba sipamva mabuleki.

Alamu anatola pepala lija pamwala pamene ndinalisiya. Linali litanyowa, inki ikuyenderera. Anawerenga pamwamba penipeni, milomo ikuyenda, pamene panalembedwa kuti kamera ikaphethira msanga imagwira chinthu chili chiimire ngakhale chikuthamanga. Anandifunsa motsitsa ngati ndikuganiza kuti dzanja limathamanga kuposa madzi. Ndinati ine ndine telala, andifunse za mabatani.

Anayamba kupotoza kagudumu kubwerera mbali inayo. Ndinkamva kakulira, tcheke tcheke tcheke, manambala akusintha, 1/60, 1/250, mpaka 1/1000. Pepala silinanene zimenezo pa za mathithi, ndipo kanali koyamba m'moyo wawo kuika nambala imene sanapatsidwe ndi munthu. Anajambula thanthwe kuti ayese. Chinatuluka chakuda bii. Anatukwana, munthu amene sindinamumvepo akutukwana. Ophunzira oyambirira anali atafika pa masitepe omaliza, akukuwa ndi kujambulana pamafoni.

Ndinawakumbutsa za kagalasi kakuda. Anakavula. Chinatuluka chakudabe, koma mwala unkaoneka pang'ono. Anatseka maso, akunong'ona okha kuti nambala yaing'ono bowo lalikulu, nambala yaing'ono bowo lalikulu, n'kutsitsa kuchoka pa f/16 kufika pa f/4. Chinawala, koma osafika. Anakweza ISO kufika pa 400, kenako 800. Pamenepo thanthwe linaoneka mmene lilili, ndi ndere zake zomwe.

Anachotsa kamera pa miyendo itatu ija, anapita pamene anakhala akazi awo, n'kugwada pamwala ndi mawondo awo okalambawo. Zimene anawauza sindinazimve chifukwa cha madzi, ndipo sindinafunsepo. Ndinangoona achemwali akupukuta m'maso ndi mpango, akutembenuka pang'onopang'ono. Sanawaimikenso, sanawakweze chibwano. Anandikodola kuti ndibwere ndi nsalu, ndinagwada nanenso. Ndinapempha mphunzitsi wa gulu lija kuti awagwire ana ake mphindi ziwiri zokha, ndipo mmene ndinamuyang'anira sanafunse chifukwa.

Alamu anayamba kuwafunsa akazi awo ngati akukumbuka tsiku lija Kamaso anataya nsapato imodzi pamalo omwewo, n'kulira njira yonse kuti tibwerere tikaifunse kwa nsomba. Achemwali anaseka, misozi idakali m'masaya, chibwano chikugwedezeka, dzanja likuvina pamwendo. Kamera inalira katatu motsatizana.

Titayang'ana, ndinasowa chonena, ine amene. Anali achemwali anga a zaka zapitazo, akuseka, maso akuwala, dzanja lili phee pamwendo ngati la munthu amene sanadwalepo. Kumbuyo kwawo madzi sanali mkaka ayi. Anali madontho, lililonse palokha, ataima m'malere ngati mikanda yomwazika. Achemwali anachiyang'ana nthawi yaitali, alamu atawagwirira kamera. Anati n'chimenechi, ndipo za mkakazo mwana amvetsa, timuuza kuti bambo ake ndi ophunzira kumene.

Kukwera masitepe kunatitengera ola lathunthu. Chakumapeto alamu anachita kuwabereka, ine nditasenza zitsulo zonse. M'basi achemwali anagona paphewa la amuna awo, ndipo ine ndinaganiza kuti mwina ndinalakwa kutsutsa. Tinatumiza chithunzicho mawa lake m'mawa, pa kompyuta ya m'kachipinda, ndi mawu ochepa oti amayi ali bwino, akupereka moni, awerenge mwakhama.

Foni inalira dzuwa lili paliwombo. Ndinali nditalowa m'kachipindamo kudzabwereka sizasi, achemwali atakhala pakampando ka makasitomala, alamu akusindikiza zithunzi za ana a sukulu. Anaiika pokweza mawu kuti tonse timve. Kamaso anapereka moni kwa aliyense, anati chithunzi n'chokongola, amayi aoneka bwino, diresi lawakhala. Achemwali anandiyang'ana monyadira. Kenako Kamaso anafunsa bambo ake.

“Bambo, ndinakulemberani theka la sekondi. Apa mwaika 1/1000, manambala ake akuoneka pa kompyuta. Munkafuna kuimitsa chiyani, madzi kapena amayi?”

Makina osindikizira ankapitirira kulavula nkhope za ana a eni ake. Ine ndinayamba kunena kuti kagalasi kakuda kanavuta, koma mwanayo anandidula mwaulemu, anati amayi aang'ono, chonde musatero, inu simudziwa kunama.

Anati wakhala akumva kwa miyezi inayi. Akamalankhula ndi amayi ake m'mawa ankamva supuni ikugogoda m'kapu osasiya, ankamva foni ikukhula patsaya, ndipo kusukulu kwawo odwala otero amawasambitsa ndi kuwadyetsa mlungu uliwonse. Anafunsa kangapo, tonse tinamuuza kuti kuli bwino. Ndiye anaganiza zotumiza kamera, podziwa kuti pa theka la sekondi munthu wonjenjemera sangabisale. Chikanabwera chopakika akanadziwa, ndipo chabwera chotere wadziwanso. Anati mabuku amawatsegula koma sakuona chilichonse, chifukwa usiku ndi usana amangoganiza kuti mwina ndi chotupa cha mu ubongo, mwina atsala ndi milungu, mwina adzamuuza atawaika kale. Anati chimene chikumulepheretsa kuwerenga si matenda a amayi ake, koma kusadziwa kuti ndi matenda anji.

Ndinkayembekeza kuti achemwali akana. Ndimawadziwa, akagwira chinthu sataya. Koma anatambasula dzanja kuti alamu awapatse foni. Anaitenga ndi lamanzere, anafunafuna kabatani kamene akhala akukathawa miyezi inayi, n'kukadina. Nkhope ya Kamaso inatulukira, yowonda, maso atatupa.

Achemwali anakweza dzanja lamanja patsogolo pa foni n'kulisiya lichite zimene limachita. Anamuuza dzina la matendawo monga anawalembera dokotala, anamuuza mapiritsi amene akumwa ndi nthawi zake, ndipo Kamaso ankagwedeza mutu, akufunsa mafunso a unamwino, misozi ikutsika koma mapewa ake akumasuka ndikuona. Anati amenewo anthu amakhala nawo zaka zambirimbiri. Anabwereza kawiri, ngati akudziuza yekha.

“Ndi limeneli dzanja lake, mwanawe,” anatero achemwali. “Waliona tsopano. Ndinalakwa kukubisira. Udzandipeza nalo pompano mwezi wa mawa, silipita kulikonse. Kalembe mayeso.”

Kamaso anati alemba, koma tsiku lililonse aziimba yoonana nkhope, ndipo akadula kamodzi kokha akwera ndege. Achemwali anavomera. Alamu anali atavula magalasi, atatembenukira kunsalu yabuluu, mapewa akugwedezeka. Pakhomo panaima mayi wina ndi fomu ya pasipoti m'manja. Ndinatuluka, ndinakoka chitseko, n'kumuuza kuti abwere cha m'ma thuu.